Batire la Anangozo

Anangozo anandipeza tsiku la msika,
foni atainyamula ngati khasu loguluka.
"Kapulogalamu kako kolembera ngongole za mbatatesi kaja
kakundidyera batire.
Ndatchajitsa m'mawa kwa Chikaiko,
dzuwa lisanafike paliwombo yathima kale.
Taigwira. Ikutentha ngati mwana wa malungo."

Ndinaigwira. Inkatenthadi.

Usiku umenewo nkhungu inatsika m'mapiri
n'kuphimba Lizulu yense.
Ine pabenchi, majuzi awiri, zala zitauma,
ndinalumikiza foniyo ku laputopu
ndi chingwe chomangamanga ndi selotepi,
n'kuuza makina: ndionetseni
zimene amachita mwanayu ndikatembenuka.

Mizere inatuluka.
Wobiriwira, wa memori, unkayenda mofatsa
ngati mzere wa kabichi m'dimba.
Koma wofiirawo!
Mano a sowo. Kukwera, kugwa, kukwera,
masekondi makumi atatu alionse nsonga ina,
ngakhale sikirini itazima,
ngakhale mwini wake ali m'tulo.
Ndinawerenga nsongazo mpaka maso kuchita chidima.

Nditakulitsa nsonga imodzi
ndinapezamo dzanja langa lomwe.
Mzere wa 214,
umene ndinalemba ndekha mu Juni ndikusinza:
dzuka, kafunse mtengo wa thumba ku Lilongwe.
Dzuka, kafunsenso.
Chonsecho kuno msewu ndiwo malire,
tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambiki,
ndipo foni ikadzuka imakuwa kufuna nsanja,
ya kuno isamve, ya uko iyankhe mwa apo ndi apo,
iyo n'kumakuwabe mpaka kusasa mawu.

Ndinali nditalemba ganyu mnyamata wosagona,
wothamangira kugolosale kukagula mchere wa supuni imodzi,
kubwera, kupitanso,
usiku wonse, nsapato n'kumatha.

Ndinayamba kupalira.
Mauthenga azidikira anzawo, ndinatero,
minibasi sinyamuka ndi munthu mmodzi.
Za mtengo wa thumba tizifunsa katatu patsiku, basi.
Zithunzi za matumba ndinazifinya
mpaka kupepuka ngati mankhusu.
Kofufuza malo kaja ndinakathimitsa:
Anangozo amadziwa pamene amakhala,
akhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
pafupi ndi ogulitsa anyezi, moyang'anana ndi thiransifoma.

Poyesa koyamba pulogalamu inakana kutseguka.
Ndinatukwana chamumtima.
Ndinali nditaiwala kachizindikiro kamodzi,
kochepa ngati njere ya therere.
Kachiwiri inatseguka koma ngongole ya munthu wina inasowa,
ndipo ndinatuluka thukuta m'chisanu chonsecho
mpaka ndinaipeza, ili pamzere, ikudikira anzake.
Kachitatu, lole yoyamba ya ku Blantyre itadutsa,
mzere wofiira unagona pansi.
Chigwa chachitali, zii.
Kachulu kamodzi.
Chigwa chinanso.
Ndinaika foni patsaya:
yozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Sabata yotsatira Anangozo anandikodola,
n'kundionetsa sikirini dzuwa litapendeka:
62 peresenti.
Sanathokoze ndi pakamwa.
Anandithirira mbatatesi m'jumbo,
zikuluzikulu, za pamwamba pa mulu zija,
zimene amakopera nazo a magalimoto.

Koma Chikaiko, m'kakhumbi kake ka masoketi khumi ndi awiri,
sola ili padenga, theka la masoketi lili pululu,
anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Amayi asanu ndi atatu sabweranso masana," anatero.
"Ndiwe wachita zimenezi?"

Palibe mzere pa laputopu yanga,
wofiira kapena wobiriwira,
umene unandionetsa zimenezo.

Ndinavomera ndi mutu.

Anakanda chibwano,
anayang'ana kumsewu kumene malole ankapakira kabichi,
kenako anapisa m'thumba
n'kutulutsa foni yake yosweka pakona.
"Nayonso imatentha," anatero. "Taiona."